Kalembedwe ka mbiri ya parishi ndi nkhoswe yake

Yambani ndi kupempha bambo mfumu kuti akuwonetseni kaundula wakale kwambiri wa ubatizo, chifukwa masamba oyambirira amasonyeza chaka, wansembe amene ankabatiza, ndipo nthawi zina ngakhale malo amene akhristu ankasonkhana tchalitchi chisanamangidwe. Kalata ya episkopi yokhazikitsa parishiyo mukaifunse kulikulu la dayosizi.

Kenako khalani pansi ndi akatekisiti okalamba, pakuti iwo amakumbukira ngakhale anthu amene anaumba njerwa, koma zaka zimene atchule muziyerekeze ndi zolembedwa.

Ponena za nkhoswe, ndiye kuti woyera amene parishiyo imatchedwa dzina lake, lembani zotsimikizika zokha. Ngati ndi Charles Lwanga Woyera, nenani kuti anawotchedwa ku Namugongo, m'dziko la Uganda, pa 3 June 1886, ndipo Papa Paul VI anamulengeza kuti ndi woyera mu 1964. Mufufuzenso chimene akhristu oyambawo anamusankhira.