Momwe mungachepetsere mikangano ya aphunzitsi pasukulu ya pulayimale

Aphunzitsi awiri akasiya kupatsana moni, oyamba kudziwa amakhala ana. Amaona kuti uyu akalowa mu ofesi, uja amatuluka. Posakhalitsa nkhani imafika kwa makolo, imakambidwa kumjigo ndi kutchalitchi, ndipo a hedi amadzamva pomaliza, zinthu zitavunda kale.

Ambiri timathamangira kunena kuti "awo ndi ovuta mtima basi." Anthu ovuta alipodi. Koma mikangano yambiri ya aphunzitsi imamera pa kachitidwe ka zinthu pasukulupo: wogawa ntchito ndani, amagawira pati, wouzidwa ndani, wolakwa amadzudzulidwa motani. Chiyambire 1994 pomwe boma lidachotsa fizi m'sukulu za pulayimale, ana n'kuchuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi chokha, sukulu zathu zakhala zikugawana zinthu zochepa: zipinda, mabuku, nyumba, ngakhale choko. Kuchepa kwa zinthu pakokha anthu amapirira nako. Chomwe sapirira nacho n'kugawa zochepazo mseri. Malangizo awa ndikulembera makamaka inu a hedi ndi achiwiri anu, ngakhale mphunzitsi wina aliyense atha kuwatengera kumsonkhano.

Gawani makalasi poyera, sukulu isanatsegulidwe

Apa ndi pomwe pamayambira chidani chambiri, choncho musapachite mothamanga. Boma limafuna kuti mphunzitsi mmodzi azikhala ndi ana 60, koma m'sukulu zambiri Sitandade 1 imapitirira ana 100, ena ataunjikana pansi pa mtengo. Mphunzitsi wake amaweruka mawu atasasa. Pomwe wa Sitandade 8 amakhala ndi ana ochepa, ndipo zotsatira za mayeso a MANEB zikatuluka bwino, ulemu wonse umapita kwa iye, ngati kuti anawo adayamba kudziwa kuwerenga chaka chomwecho. Naye wa Sitandade 8 ali ndi lake dandaulo: amafika mbandakucha, amaweruka dzuwa litapendeka, amachonga makope mpaka usiku, anzake a makalasi ang'onoang'ono atapita kale kwawo. Aliyense amaona kuti katundu wake ndiye wolemera.

Itanani aphunzitsi onse sabata yomaliza ya holide. Lembani pabolodi makalasi onse, chiwerengero cha ana m'kalasi iliyonse, ndi mapiriyodi a phunziro lililonse pa sabata. Aliyense anene kalasi yomwe angakonde ndi chifukwa chake. Kenako gawani, mukufotokoza zomwe mwatsata: luso la munthu, maphunziro omwe adachitapo (mwachitsanzo a kaphunzitsidwe ka kuwerenga a National Reading Programme), thanzi lake, komanso kalasi yomwe anali nayo chaka chatha. Si onse adzapeze zomwe amafuna, koma adzaona ndi maso awo kuti palibe amene wapatsidwa mapiriyodi 20 mnzake akusenza 40. Nkhanga zidapangana kusanapse.

Chinthu chimodzi ndikupemphani: musamaike munthu ku Sitandade 1 ngati chilango. Mukatero mwauza sukulu yonse kuti kalasi yomwe mwana amaphunzirira kugwira pensulo ndi yonyozeka. Ndiponso musamangoti amayi ndiwo a makalasi ang'onoang'ono, abambo ndiwo a masamu a Sitandade 8. Chizolowezi chimenechi chimapweteka amayi ambiri aluso, ndipo amangokhala chete, mtima ukuwawa.

Tsegulani buku la kasinthasintha

Kalata ikabwera kuchokera kwa a PEA (mlangizi wa sukulu za pulayimale m'zoni yanu) kuti pakufunika aphunzitsi awiri ku workshop ku TDC (likulu la zoni komwe aphunzitsi amakachitira maphunziro), aliyense amadziwa kuti kumeneko kuli ka alawansi. Kwa mphunzitsi wa giredi yoyambira ya PT4 amene malipiro ake amatha mwezi usanafike pakati, ndalama imeneyo si yamasewera. Akamapita omwewomwewo, mawu akuti "ana a a hedi" amayamba kumveka, ndipo kuyambira pamenepo sukulu yagawika pawiri.

Gulani kope limodzi lachikuto cholimba. Lembani mayina a aphunzitsi onse, ndipo mwayi uliwonse ukabwera, kaya ndi workshop, kuperekeza ana ku masewero a zoni kapena kutumidwa kuboma, lembani tsiku ndi yemwe wapita. Kopelo lizikhala poti aliyense atha kulitsegula. Ngati kalatayo yanena kuti akufuna mphunzitsi wa kalasi yakutiyakuti, iwerengeni pamaso pa onse kuti asaganize kuti mwasankha nokha. Wobwera ku workshop azifotokozera anzake zomwe waphunzira sabata yomweyo. Akatero anzake amasiya kumuona ngati wangopita kukadya.

Nyumba za pasukulu nazo zitsate ndondomeko yolembedwa yomwe mwagwirizana ndi komiti ya sukulu: wotsatira ndani, ndipo chifukwa chiyani.

Ndalama ziziwerengedwa mokweza

Ndalama za SIG (zomwe boma limapereka zotukulira sukulu) zikalowa, matani papepala kuchuluka kwake ndi zomwe zagulidwa, monga momwe mudagwirizanirana ndi komiti ndi PTA mu pulani ya chitukuko cha sukulu. Chimodzimodzi thumba la welfare lomwe aphunzitsi amasonkha mwezi ndi mwezi. Gwirizanani pachiyambi kuti maliro a kholo timapereka zingati, a mwana zingati, wogonekedwa m'chipatala zingati. Palibe chimapweteka ngati kuona kuti pa maliro a mnzako adapereka zambiri n'kupita onse, pa maliro a mayi ako n'kutumiza anthu awiri. Zotere munthu saiwala.

Ngongole zapakati pa aphunzitsi, za chipereganyu kapena banki m'khonde, zikhale ndi malamulo akeake ndipo a hedi musakhale msungichuma. Wokongoza mnzake katapila pasukulu mumuletse msanga.

Samalani pakamwa podzudzula

Mphunzitsi wachedwa, kapena sanalembe ma scheme ndi ma lesson plan. Kumudzudzula n'koyenera, ndi ntchito yanu. Koma musamuchitire pa asembule, kapena pakhomo pa kalasi ana akumva, kapena pa gulu la WhatsApp la aphunzitsi. Munthu wamkulu, mwina wa msinkhu wa bambo anu, mukamuchititsa manyazi pamaso pa ana ake, sadzakumbukira cholakwa chake, adzakumbukira manyaziwo.

Muitanireni mu ofesi, mupatseni mpando, ndipo muyambe ndi kufunsa: "Aphunzitsi, sabata ino mwafika mochedwa katatu, kunyumba kuli bwanji?" Mwina mupeza kuti akudwazika, kapena njinga idawonongeka ndipo akuyenda wapansi mtunda wautali. Mwinanso mupeza kuti ndi mowa. Chilichonse chomwe mwapeza, gwirizanani chochita ndi tsiku lodzaonananso.

Ndipo lamulo likhale limodzi. Mzere wofiira wosonyeza ochedwa ukajambulidwa mu time book (buku losayinamo nthawi yofikira), ukhale wa onse, kuphatikizapo mnzanu wa kumpingo, wa kwanu, ndi inu eni ake. A hedi ofika mochedwa n'kusayina nthawi yabodza alibe mawu kwa wina aliyense.

Pamsonkhano wa aphunzitsi, yambani kufunsa maganizo kwa achinyamata omwe angochoka kumene ku koleji ya uphunzitsi (TTC), akuluakulu alankhule pambuyo. Mwambo wathu wolemekeza akulu ndi wabwino, koma wamkulu akayamba ndiye kulankhula, wamng'ono sangatsutse, amakatsutsira kuseri, ndipo miseche imayambira pomwepo. Ophunzira uphunzitsi omwe abwera kudzayeserera ntchito musawasandutse osenza makalasi a anthu ojomba.

Mkangano ukabuka kale

Musadikire kuti uzizira wokha. Mvani mbali iliyonse payokha, tsiku lomwelo ngati n'kotheka, ndipo zomwe wina wakuuzani musakazinene kwa mnzakeyo ngati uthenga. Kenako akhazikeni pamodzi, pali mboni imodzi yomwe onse awiri akuikhulupirira, kaya ndi mkulu wa sekishoni kapena wachiwiri wanu. Aliyense anene chomwe chidachitika, osati khalidwe la mnzake. "Mudatenga mabuku a Chichewa a kalasi yanga osandiuza" ndi nkhani yoti itha kukonzedwa. "Inu ndinu odzikonda" ilibe pogwira.

Musathamangire kuwagwiritsa chanza. Kupepesana kokakamiza kumangobisa nkhani. Funsani kuti chisinthe n'chiyani kuyambira mawa, lembani zomwe agwirizana, ndipo pakatha masabata awiri muwafunsenso. Mukaona kuti gwero lake ndi dongosolo la sukulu, monga makalasi awiri kulimbirana chipinda chimodzi nthawi ya mvula, konzani dongosololo. Apo ayi chaka chamawa adzakangana ena pa nkhani yomweyo.

Ngati inuyo muli mbali ya mkanganowo, musaweruze. Pemphani a PEA abwere. Nkhani ikakanika pazoni ndi pomwe imapita ku ofesi ya maphunziro ya boma lanu, ndipo mphunzitsi ali ndi ufulu wopempha woimira bungwe la aphunzitsi la TUM kuti amuperekeze. Kupempha kuti munthu asamutsidwe kukhale komaliza, chifukwa transifa yobwera ngati chilango imasiya mantha mwa otsala, ndipo amayamba kubisa madandaulo awo.

Pali nkhani zina zomwe si zoyanjanitsa ayi. Mphunzitsi akamachita zachisembwere ndi mwana wasukulu, kapena akamakakamiza mphunzitsi mnzake wamkazi kuti agone naye pofuna kumukondera, umenewo si mkangano wa aphunzitsi, ndi mlandu. Musaitanitse makolo kuti "tikambirane pachibale," ndipo mphunzitsi amene waulula musamutche wosokoneza mtendere. Lembani lipoti kwa a PEA tsiku lomwelo, dziwitsani a zachisamaliro cha anthu ndi apolisi a Victim Support Unit, ndipo ngati nkhaniyo ikukhudza mwana, mutha kuyimbanso pa nambala yaulere ya 116. Amayi a mother group (gulu la amayi lolimbikitsa ana, makamaka atsikana, kukhalabe pasukulu) akhale pafupi ndi mwanayo kuti asasiye sukulu pamene nkhani ikufufuzidwa.