Kateteredwe ka zipangizo za kompyuta ku magetsi a static pokonza

Magetsi a static ndi magetsi amene amaunjikana pathupi zinthu monga zovala zikamakhulana. Musanayambe, pezani lamba wapamkono wa antistatic (woteteza ku magetsi a static), mphasa ya antistatic yoyala patebulo ndi matumba ake osungiramo zipangizo.

1. Zimitsani kompyuta, zulani pulagi ndi batire, kenako dinani batani loyatsira kwa masekondi angapo kuti magetsi otsalira athe.
2. Valani lambayo mokhudza khungu, osati pamwamba pa malaya, ndipo mumulumikize ku waya wa earth (wopititsa magetsi m'nthaka).
3. Gwirani RAM (memory ya kompyuta) kapena motherboard (bolodi lalikulu lolumikiza zipangizo zonse za m'kompyuta) m'mphepete mokha, osakhudza timizere tagolide.

Ambiri amalumpha gawo lachiwiri poganiza kuti ngati sanamve kugwidwa ndi magetsi ndiye kuti palibe vuto, chonsecho thupi limayamba kumva static ikafika pafupifupi mavolti 3,000, pomwe chip (kachipangizo kakang'ono ka pa RAM kapena pa motherboard) chikhoza kuwonongeka ndi mavolti osakwana 100. Koma power supply (bokosi lopereka magetsi m'kompyuta) ndi TV zakale za CRT (zazikulu kumbuyo) musazitsegule mutavala lambayo, chifukwa zimasunga magetsi oopsa ngakhale zitazimitsidwa.