Zoyenera kuchita munthu akamwalira inu mutatengapo mbali

Mwini boti amene wakakamiza alovi ake (asodzi omugwirira ntchito) kulowa m'nyanja mwera uli pakati mu Juni, kapena dalaivala amene watsika phiri la Chowe ku Mangochi akudziwa kuti mabuleki ndi okutha, alibe ufulu wonena kuti "inali nthawi yake" munthu akatisiya. Mawu amenewo ndi a anamfedwa podzitonthoza, si a inu amene dzanja lanu lilimo.

Yambani ndi ovulala, afike kuchipatala, kenako mukadzipereke nokha kupolisi. Ngati anthu ayamba kutola miyala, musaime n'kumadziikira kumbuyo, koma thawirani kupolisi yapafupi, kaya ndi ku Namwera, ku Monkey Bay kapena pa boma, osati kumudzi kwanu. Kumeneko nenani zonse, ngakhale chiwerengero cha anthu amene munapakira. Zoti mlanduwo ndi wopha munthu mosakonzekera pansi pa gawo 208 la malamulo a milandu yaupandu (Penal Code), kapena wopha chifukwa choyendetsa mosasamala pansi pa gawo 126 la malamulo apamsewu, akaona ndi akhoti.

Kusiwa musatsogole ndinu. Tumani amalume anu kapena wamkulu wina wa pabanja, adzere kwa amfumu, ndipo achite changu, chifukwa m'mabanja achisilamu mwambo woika maliro suchedwa, kawirikawiri umachitika tsiku lomwelo kapena mawa lake. Nsanda, thumba la ufa ndi ndiwo zikafika anthu atabwerako kumanda, zimaoneka ngati mwachita kukumbutsidwa. Chipepeso chiperekedwe mwakachetechete, popanda pempho lililonse pambuyo pake. Amene amatula envulopu n'kunong'oneza kuti banja likathetse nkhani kupolisi, kwa ine ndiye kuti akugula mtembo. Anamfedwa akakana chipepesocho, chilandireni osawiringula. Mudzayesenso mitima ikatsika, mwina pa sadaka ya masiku 40 ngati banjalo limachita mwambowo.

Tsiku limene adzakuloleni kuonana nawo, mukhale pansi, chipewa chili m'manja, ndipo mutchule cholakwa chanu mosazungulira: "Ndinaona mafunde, koma ndinawauza kuti apite." Za ufiti musazitchule n'komwe, pakuti potero mungaponyere agogo ena osalakwa mlandu umene ndi wanu.

Ana a malemu adzafuna yunifolomu ndi makope chaka ndi chaka, choncho lonjezani pamaso pa amfumu zokhazo zimene mudzakwanitse, ndipo zilembedwe. Botilo lisabwerere pamadzi lisanamatidwe komanso mulibe majekete oyandamitsa okwanira mlovi aliyense.