Mmene ndinachepetsera nkhawa ya nkhani zapadziko

Nkhani za nkhondo ku Sudan, Gaza ndi Ukraine zinkandisowetsa tulo. Chala chili pa foni, mtima uli phaphapha, ndikungoonera mavidiyo a ana akulira m'mabwinja.

Choyamba ndinazimitsa mauthenga onse a nkhani amene amangolira pa foni. Facebook ndi TikTok amakubweretsera zofanana ndi zomwe wakhalitsapo maso, ndiye ukaonera vidiyo imodzi ya mabomba, zinzake zimabwera motsatizana. Pano nkhani ndimawerenga kamodzi masana, zolembedwa osati mavidiyo, ndipo usiku foni imagona kuchipinda china.

Komatu zimenezi pazokha sizinandikwanire, chifukwa anthu akuvutikawo ndimawamvera chisoni kwambiri ndipo sindifuna kuwaiwala. Chomwe chinandikhazika mtima pansi ndi kufunafuna nkhani zabwino zoyenda pang'onopang'ono, zomwe sizimveka kawirikawiri. Mu 1990 ana oposa 12 miliyoni padziko lonse anamwalira asanakwanitse zaka zisanu. Mu 2022 chiwerengerocho chinali chosafika 5 miliyoni, chonsecho anthu padziko achulukirachulukira. Nthomba inapha anthu miyandamiyanda, koma mu 1980 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalengeza kuti yatheratu. Ntchito imeneyi anaigwira ndi anthu wamba, anamwino ndi opereka katemera oyenda khomo ndi khomo.

Chisoni chikandikulira, ndimaimbira mnzanga n'kumuuza zomwe zikundivuta, kenako ndimatumiza kangachepe ku bungwe lothandiza othawa nkhondo.