Momwe mungasangalalire ndi maluwa a sakura m'mapaki a ku Tokyo

Amene mwangofika kumene ku Japan, kaya kudzaphunzira kapena kudzagwira ntchito, dziwani kuti maluwa a sakura, mtengo wa mtundu wa cherry wotchuka m'dzikomo, sachedwa kuyoyoka. Mtundu wofala kwambiri, wa Somei Yoshino, umayamba kumasula ku Tokyo chakumapeto kwa Marichi, ndipo pakangotha sabata imodzi mitengo imakhala itayera mbee, koma mvula yamphepo ya tsiku limodzi ikhoza kugwetsa maluwa ambiri pansi.

Choncho yambani ndi kutchera khutu ku nkhani za nyengo. Bungwe loona zanyengo m'dzikomo limayang'anira mtengo umodzi wa pakachisi wa Yasukuni, ndipo maluwa 5 kapena 6 akangomasula pamtengowo, limalengeza kuti nyengo ya sakura yayamba ku Tokyo. Mukamva chilengezocho, werengani masiku pafupifupi 7 n'kukonzeratu tsiku lopita, makamaka la mkati mwa sabata, chifukwa Loweruka ndi Lamlungu anthu amachita kuthithikana.

Kenaka sankhani paki. Ku Ueno kulowa n'kwaulere ndipo ndi pafupi ndi siteshoni ya sitima, koma phokoso ndi khamu la anthu n'zosasowa. Ku Shinjuku Gyoen munthu wamkulu amalipira ndalama zokwana 500 yen ndipo mowa saloleza, motero kwa amene ali ndi ana aang'ono kumeneku ndiye kwabwino. Kulinso mitengo ina yomwe imamasula mochedwerapo, mpaka chapakati pa Epulo.

Mwambo wake, womwe eni ake amautcha hanami, ndi wokhala pansi pa mitengo n'kumadya limodzi. Nyamulani mkeka wa pulasitiki, chakudya chophika kale ndi tiyi wotentha m'fulasiki, ndipo musaiwale juzi, popeza dzuwa likangopendeka kumazizira ngati Juni wa ku Dedza. Poyala mkeka talikirani tsinde la mtengo, chifukwa mizu ya sakura siyenda mozama ndipo ikapondedwapondedwa mtengo umafooka. Vulani nsapato musanaponde pamkeka, n'kuziika m'mphepete moyang'ana kunja monga amachitira anzanu oyandikana nawo. Nthambi ndiye musaikhudze n'komwe, ngakhale itagwera pamaso penipeni ndipo mukufuna chithunzi chokongola, pakuti sakura ukathyoledwa umayamba kuwola kuchokera pabalapo. Kugwedeza mtengo kuti maluwa akugwereni m'mutu n'kopanda ulemu.

Pochoka tolani zinyalala zanu zonse m'jumbo n'kupita nazo kunyumba, chifukwa mabini ndi ochepa ndipo amadzaza msanga.

Ngati ntchito yakutsekerezani mpaka maluwa a ku Tokyo atayoyoka, kwerani sitima yolowera kumpoto, popeza sakura amamasula motsatira kufunda kwa nyengo: ku Hirosaki amafika pachimake chakumapeto kwa Epulo, ndipo ku Sapporo mukhoza kuwapeza mpaka kumayambiriro kwa Meyi.