Yambani ndi Kaundula Wanu: Mmene Mlangizi wa za Mowa ndi Chamba Angaphunzirire Kufikira Aliyense

Ntchito yanga ndi yopereka uphungu kwa anthu amene mowa ndi chamba zawasokonezera moyo, ndipo ndimaigwirira m'kachipinda ka mabenchi awiri ndi tebulo limodzi. Tsiku lina kunja kukugwa mvula, munalowa mayi atatsogoza mwana wawo, mnyamata wamkulu ndithu, wosamva. Mayiwo ndiwo ankafotokoza zonse: kuti mwanayo amamwa kachasu, kuti anagulitsa matayala a njinga ya bambo ake, kuti masiku ena amagona kumowa komweko. Ine maso anali pa mayiwo, dzanja likulemba. Mnyamatayo anayang'ana pakamwa pathu kwa kanthawi, kenako anatembenukira kuzenera. Tinatha pafupifupi ola tikukamba za iye, iye osamufunsa kanthu ngakhale kamodzi. Sanabwerenso.

Satifiketi ya uphungu ndinali nayo, koma sinandiphunzitse chochita tsiku limenelo. Zimene ndikulemba apa ndi zimene ndakhala ndikuchita chichokereni tsikulo, ndipo ndikulembera inu anzanga a m'zipatala zazing'ono, m'mipingo, m'mizikiti ndi m'mabungwe a m'madera.

Musanafunefune kosi iliyonse, tsegulani kaundula wanu wa miyezi 12 yapitayi. Tengani pepala muwerenge. Amayi alimo angati? Anthu aulumali? Okalamba? Amene Chichewa amachimva movutikira chifukwa kwawo amalankhula Chiyawo, Chitumbuka, Chisena kapena Chilomwe? Asilamu, amene kwa iwo kungovomera kuti amamwa ndi manyazi aakulu? Amene atuluka kumene kundende? Ngati muli ku Dowa kapena ku Lilongwe, nanga anzathu othawa kwawo a ku Dzaleka? Mukatero, yendani madzulo mudutse pamene amagulitsa kachasu ndi timabotolo ta mowa waukali tija tinalowa m'malo mwa masacheti ataletsedwa. Onani amene akhala pamenepo. Ine nditachita zimenezi ndinapeza kuti kaundula wanga ndi wa amuna a zaka za pakati pa 18 ndi 40, oyenda okha, akumva, olankhula Chichewa. Kumowa kunali onse. Anthu amene ali kumowa koma mulibe m'kaundula ndiwo akuuzeni zoti muphunzire chaka chino.

Chotsatira ndi pakamwa pathu, ndipo chimenechi sichilira ndalama. Timanena kuti "chidakwa chija chabweranso", "wachamba uja", "wamisala", "wopunduka", "gonthi", "napwere", tili pakhonde, munthu ali pabenchi akumva. Mawu amenewa amatseka chitseko kuposa loko. Pantchito pathu tinagwirizana kuti aliyense akamva mnzake watchula mawu otere amukumbutse pomwepo, mopanda kukalipirana. Timati munthu amene ali ndi vuto la mowa, munthu waulumali, munthu wosamva, munthu wachialubino, ndipo koposa zonse timamutchula dzina lake. Zinatitengera miyezi kuti lilime lizolowere.

Aphunzitsi enieni a nkhani imeneyi ndi eni akewo, ndipo ali ndi mabungwe awo. Osamva ali ndi MANAD, osaona ali ndi Malawi Union of the Blind, anzathu achialubino ali ndi APAM, ndipo FEDOMA ndi imene imasonkhanitsa mabungwe a anthu aulumali. Amene anadwalapo matenda a maganizo pamodzi ndi owasamalira ali ndi MEHUCA. Funsani amene amawaimira m'boma lanu, mumuitane adzakhale nanu theka la tsiku. Musamuitane kuti adzangopereka umboni n'kumuombera m'manja. Muloleni ayende kuchokera pamsewu mpaka pabenchi lanu, alowe kuchimbudzi, awerenge fomu yanu, kenako anene zimene waona. Kwathu, bambo wina woyenda pa wilutcheya anangoima pa masitepe atatu a pakhomo n'kutiyang'ana, ndipo phunziro linathera pomwepo. Mumupatse ya thiransipoti ndi kangachepe, monga mungachitire ndi mphunzitsi wina aliyense.

Chilankhulo chamanja phunzirani ngakhale pang'ono: moni, dzina, mowa, chamba, liti, kangati, kupweteka, mankhwala, kunyumba, bwerani mawa. Mawu owerengekawa sangakwanitse uphungu wonse, koma amamuonetsa munthuyo kuti mukulankhula ndi iye. Pa zokambirana zozama pezani womasulira, ndipo asakhale mayi ake, mkazi wake kapena m'busa wake. Ndani angaulule kuti anaba ndalama za feteleza pamene womumasulira ndi mwini ndalamazo? Womasulira akhale pambali panu, kuwala kukhale pankhope panu, inu maso pa mwini nkhani, ndipo muyambe mwagwirizana zosunga chinsinsi.

Nkhani ya amayi ndiyo inanditengera nthawi yaitali kuimvetsa. Mwamuna akaledzera anthu amati ndi mowa. Mayi akaledzera amamutcha mayina ena, apongozi amaitanitsa ankhoswe, ana amanyozedwa kusukulu. Ndiye amamwera m'nyumba, m'kapu ya tiyi, ndipo kuchipatala amabwera ndi mutu, kusowa tulo kapena m'mimba. Ena ndi omwe amatcheza kachasu kapena kuphika masese, ndipo fizi ya ana imachokera mumphika womwewo. Kuuza mayi wotereyu kuti atalikirane ndi mowa popanda kukambirana za geni ina n'kumuuza kuti ana agone ndi njala. Ife tinasintha zinthu zitatu. Tinapatula tsiku la amayi okhaokha, lotsogoleredwa ndi mayi mnzawo. Tinaika nthawi ya m'mawa ana akapita kusukulu, ndipo wakhanda amabwera naye, mphasa ilipo. Komanso mayi akabwera ndi mwamuna wake, timapempha bamboyo adikire panja kwa mphindi zingapo, chifukwa funso lakuti "kunyumba mumakhala mwamtendere?" silingayankhidwe womenyayo ali pambali. Dziwani kumene kuli ofesi ya polisi yothandiza ochitiridwa nkhanza ndi amene amagwira kumeneko, kuti musamangoti "kapiteni kupolisi" koma mumuperekeze. Ndipo mayi woyembekezera muuzeni zoona mofatsa: mowa umafika kwa mwana m'mimba, ndipo palibe mulingo wodziwika kuti ndi wosavulaza.

Zida zathu zofunsira mafunso nazonso zimasankha anthu tikapanda kusamala. Ambiri timagwiritsa ntchito fomu yoyezera kamwedwe ka mowa yotchedwa AUDIT, ya bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, ya mafunso 10, imene mapointi ake amayambira pa 0 kufika pa 40, ndipo munthu akafika pa 8 ndiye kuti kamwedwe kake kayamba kuopsa. Fomuyi imawerengera mowa m'milingo ya magalamu 10 a mowa weniweni. Koma agogo a kumudzi samwa magalamu. Amamwa chipanda cha masese, paketi ya Chibuku, kabotolo ka kachasu amene ukali wake umasiyana malinga ndi wotcheza. Ine ndili ndi katoni ya mabotolo ndi makapu opanda kanthu pansi pa tebulo. Ndimawaika patsogolo pa munthu n'kumufunsa kuti aloze kapena agwire chimene amamwera, ndi kuti amadzaza kangati. Masiku a pasabata timawerenga ndi zitsekero za mabotolo zisanu ndi ziwiri: asunthire mbali imodzi masiku amene anamwa. Njira imeneyi imathandiza wosadziwa kuwerenga, wosaona, wosamva ndi amene amachedwa kumvetsa zinthu. Kwa womaliza uyu, funso limodzi pa nthawi imodzi, kenako dikirani. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Yeserani ndi mnzanu wa kuntchito, iye atamanga nsalu kumaso kapena atatseka makutu, mpaka manja anu azolowere.

Pali chinthu chimodzi chimene simuyenera kuchiphunzira mwa kulakwitsa, chifukwa chimapha. Munthu amene wakhala akumwa kwambiri tsiku ndi tsiku akasiya mwadzidzidzi akhoza kuyamba kunjenjemera, kutuluka thukuta ndi kusanza pasanathe tsiku, kukomoka ngati wakhunyu, ndipo pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu kusokonezeka mutu n'kumaona zinthu zimene palibe. Ameneyu ndi wakuchipatala, osati wa pabenchi lathu. Vuto n'lakuti kwa munthu waulumali zizindikirozi timaziphonya. Timati ndi khunyu lake lija, kapena ndi mmene alili. Mbali inayo iliponso: munthu amene anachita sitiroko kapena anabadwa ndi vuto la kayendedwe ndi kalankhulidwe timamuyesa woledzera ali bwinobwino. Pemphani dokotala kapena namwino wa matenda a maganizo wa pachipatala cha boma lanu akuphunzitseni kusiyanitsa, ndipo mudziwe njira yotumizira odwala mpaka ku Zomba Mental Hospital kapena ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Mufunseninso za amene akumwa ma ARV, mankhwala a TB ndi a khunyu. Ndakumana ndi anthu amene amadumphitsa ma ARV tsiku lililonse limene amwa mowa poopa kusakaniza, pamene choyenera n'kupitiriza mankhwala n'kukafotokoza zoona kuchipatala.

Za maphunziro a m'kalasi ndinene mwachidule. Buku la WHO lotchedwa mhGAP lili ndi gawo la mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, linalembedwera ogwira ntchito amene si akatswiri a matenda a maganizo, ndipo limapezeka kwaulere pa intaneti. Kuli maphunziro othandiza anthu a vuto la mankhwala ozunguza bongo otchedwa Universal Treatment Curriculum, a bungwe la mayiko la Colombo Plan, ndipo ISSUP, bungwe la ogwira ntchito ngati yathuyi padziko lonse, limachititsa maphunziro a pa intaneti. Wofuna pepala lalikulu afunse kusukulu ya ukachenjede ya St John of God ku Mzuzu, kumene amaphunzitsa uphungu. Werenganinso ndondomeko ya dziko lino yokhudza mowa ya 2017, lamulo la anthu aulumali la 2024, ndi lamulo la chamba la 2020, limene linaloleza kulima chamba cha mankhwala, cha kafukufuku ndi cha m'mafakitale kokha. Achinyamata ambiri amabwera akunena kuti chamba anachiloleza, ndiye muyenera kudziwa chowayankha. Koma ndikupempheni chinthu chimodzi. Mukapita kumsonkhano wa kunyanja wa masiku atatu, musabwereko ndi alawansi ndi fayilo basi. Sabata yomweyo khalani pansi ndi anzanu amene anatsala, muwaphunzitse chinthu chimodzi, ndipo musinthe chinthu chimodzi m'chipinda chanu.

Kamodzi pamwezi timakumana alangizi anayi a m'dera lathu. Aliyense amabwera ndi nkhani imodzi imene sinamuyendere bwino, osatchula dzina la munthu kapena mudzi wake. Timafunsana kuti: ndinalankhula ndi ndani kwenikweni? Ndinaganiza chiyani za munthuyu asanatsegule pakamwa? Kumeneko ndi kumene mnzanga wina anavomera kuti amafupikitsa nthawi akakhala ndi amayi oyendayenda, ndipo wina anati amayamba ndi pemphero asanafunse ngati munthuyo akufuna. Ine ndinanena za mnyamata wa tsiku lamvula uja. Zoterezi sizituluka pamsonkhano wa anthu 50.

Pakatha miyezi 6 tsegulaninso kaundula muwerenge ngati poyamba paja. Wanga tsopano muli amayi, muli osamva awiri, ndipo pakhomo tinawaka njira yotsetsereka ya simenti m'malo mwa masitepe aja. Osaona mulibe ngakhale mmodzi, chonsecho ndikudziwa abambo awiri osaona amene amakhala pamowa kuseri kwa msika. Lachinayi likudzali ndapangana ndi wapampando wa gulu la osaona kuti ndikakhale nawo pamsonkhano, ndikamve chifukwa chake.