Kaimitsidwe ka galimoto pamsewu kwa inu amene muli ku trening'i ya upolisi

Inu amene mwangolowa kumene, nkhani yoimitsa galimoto musamaione ngati yaing'ono ai. Ambiri mtima umakhala pa mfuti ndi maunyolo, koma ntchito imene muzidzagwira tsiku ndi tsiku ndi iyi, ndipo apolisi amavulala pomwepa, ena osati ndi chigawenga nkomwe koma kugundidwa ndi galimoto yongodzidutsira.

Musanayatse magetsi ndi sailini yang'anani kaye malo. Pakona ai, pamlatho ai, kuseri kwa chitunda ai, chifukwa wobwera m'mbuyo sakuonani mpaka atafika pafupi. Bola kumutsatira dalaivalayo kamtunda pang'ono mpaka mupeze poti pali mpata. Akaima, nenani pa wailesi nambala ya galimoto, mtundu wake, pamene muli ndi anthu amene mukuwaona mkatimo, ndipo zimenezi muchite musanatsike chifukwa zikavuta nthawi yofotokoza simudzaipeza.

Galimoto yanu iime kumbuyo, siyani mpata wokwana galimoto ina, ndipo ituluke pang'ono chakumsewu kuti ikutchingireni mukamayenda. Osaima pakati pa magalimoto awiriwo. Wina akagunda yanu kumbuyo mupanikizika pamenepo. Jekete yowala ija valani ngakhale masana.

Tsopano apa ndi pamene ndimafuna mumvetsetse. Maso anu akhale pa manja, manja a dalaivala ndi a aliyense ali mkatimo, nkhope ikhoza kumwetulira koma chokuvulazani chimachokera m'manja. Podutsa onani ngati buti ndi yotseka, suzumirani mpando wakumbuyo, kenako imani kumbuyo pang'ono kwa chitseko cha kutsogolo, osati moyang'anizana ndi windo, kuti munthuyo achite kutembenuka pokuonani komanso akatsegula chitseko mwadzidzidzi chisakumenyeni. Msewu ukakhala wa magalimoto ambiri pitani mbali ya pasenjala. Usiku tochi ikhale ku dzanja lomwe simugwirira chida, ndipo mutu musalowetse pawindo olo pang'ono.

Mupatseni moni munthuyo, nenani kuti ndinu ndani ndi chifukwa chimene mwamuimitsira, kenako pemphani laisensi. Ambiri amene mudzawaimitse ndi anthu wamba omwe angochita mantha kapena achedwa kuntchito, akakweza mawu inu tsitsani anu. Akafuna kutsegula kabati kapena chikwama muuzeni anene kaye chimene akutenga. Akapinda ndalama mkati mwa laisensi mubwezereni pomwepo, ine zimandiwawa kuona mwana woti wangoyamba kumene ntchito ikumuthera chifukwa cha ziphuphu.

Ku trening'i kuno bwerezani zimenezi ndi anzanu mpaka thupi lizolowere, wina akhale dalaivala wolusa, wina woledzera, wina wobisa dzanja pansi pa mpando, masana komanso usiku. Pobwerera ku galimoto yanu muzicheukabe, ndipo dikirani iyeyo anyamuke kaye, alowe bwinobwino mumsewu, ndiye muzimitse magetsi anu ndi kunena pa wailesi kuti mwamaliza.